Akatswiri akufufuza kutupa kwa matumbo m'chimbudzi cha odwala matenda aakulu a m'mapapo

Ngakhale bungwe loona zaumoyo padziko lonse la World Health Organisation lidalengeza pa 5 Meyi 2023 kuti matenda a Covid-19 salinso chiopsezo chadzidzidzi cha maiko onse, akatswiri a zaumoyo akadali kalikiliki kufufuza funso lomwe mliriwo udawasiyira. Iwo akufuna kudziwa chifukwa chomwe kachilombo kolowera m'mphuno ndi kukhazikika m'mapapo kamasokonezeranso matumbo, komanso ngati dotolo angathe kudziwa kukula kwa matendawa pongoyeza chimbudzi cha wodwala.

Nkhaniyi ikukhudzanso akuluakulu omwe amakonza ndondomeko za zaumoyo ndi kugawa ndalama zogulira zipangizo za m'labotale. Kutenga chimbudzi sikulira jakisoni ndipo sikupweteka. Sikufunanso kamera yolowetsa m'matumbo, yomwe imapezeka m'zipatala zikuluzikulu zokha. Njira yotere ikadakhala kuti imaloseradi za wodwala yemwe adzafune mpweya wa okisijeni kapena chipinda cha odwala mwakayakaya, bwenzi ili yaphindu lalikulu. Koma zomwe kafukufuku wapeza kufikira lero zikusonyeza kuti nkhaniyi ili ndi mbali zambiri, ndipo woyenera kusaina chikalata chogulira zipangizo akufunika kuzimvetsa bwino.

Mmene matumbo adalowera m'nkhani ya mapapo

Wodwala woyamba kupezeka ndi Covid-19 m'dziko la United States, mu Januwale 2020, adali mwamuna wa zaka 35 wa m'chigawo cha Washington. Ali m'chipatala adayamba kutsekula m'mimba, ndipo madotolo atayeza chimbudzi chake adapezamo chibadwa cha kachilombo ka SARS-CoV-2. Miyezi yochepa pambuyo pake, akatswiri a ku Hong Kong adasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku 60 wokhudza odwala 4,243 ndipo adapeza kuti pafupifupi odwala 18 mwa 100 aliwonse adali ndi zizindikiro za m'mimba, monga kusafuna kudya, mseru, kusanza ndi kutsekula. Mwa odwala omwe chimbudzi chawo chidayezedwa, pafupifupi theka adapezeka ndi chibadwa cha kachilomboka, ndipo mwa ambiri chidapitiriza kupezeka ngakhale m'mphuno ndi pakhosi mutayera kale.

Kwa akatswiri omwe adaona mliri wa SARS wa m'chaka cha 2003, izi sizidali zachilendo. Pa nyumba zosanjikizana za Amoy Gardens mumzinda wa Hong Kong, anthu oposa 300 adadwala m'kanthawi kochepa, ndipo ambiri mwa iwo ankatsekula m'mimba. Ofufuza adapeza kuti timipope ta m'mabafa tomwe timayenera kukhala ndi madzi otchinga mpweya wa m'suweji tidali titauma, kotero timadontho ta zonyansa tinkabwerera m'zipinda. M'chaka cha 2004 kumwera kwa dziko la Vietnam, mnyamata wa zaka 4 adamwalira atatsekula m'mimba kwambiri ndi kukomoka, ndipo pambuyo pake zidadziwika kuti adali ndi chimfine cha mbalame cha H5N1, chomwe kachilombo kake kadapezekanso m'chimbudzi chake. Matenda a MERS, omwe adadziwika koyamba ku Saudi Arabia m'chaka cha 2012, nawonso amatsekulitsa m'mimba odwala ena.

Chifukwa chake chidamveka bwino pa nkhani ya Covid-19. Kachilombo ka SARS-CoV-2 kamalowa m'maselo a munthu kudzera pa puloteni yotchedwa ACE2, yomwe imagwira ntchito ngati khomo. Makomo oterewa alipo m'njira ya mpweya, koma ndi ochuluka kwambiri pa maselo okuta mkati mwa matumbo aang'ono. Mu Meyi 2020, akatswiri a ku Netherlands adalengeza m'magazini ya Science kuti adalera timatumbo ta munthu m'labotale, ndipo kachilomboka kadalowamo ndi kuswana mosavuta.

Calprotectin ndi ntchito yake

Matumbo akavulala kapena akalowedwa ndi tizilombo, thupi limatumizako maselo oyera a m'magazi otchedwa neutrophil, omwe ndi asilikali oyamba kufika pamalo pa nkhondo. Maselowa amadutsa khoma la thumbo ndi kulowa m'njira ya chakudya, komwe amafera ndi kutaya zomwe anyamula. Mwa zinthu zomwe amataya muli puloteni yotchedwa calprotectin, yomwe ndi yoposa theka la mapuloteni osungunuka a mkati mwa selo lotere. Ntchito yake ndi kulanda mchere wa zinc ndi manganese womwe mabakiteriya amafuna kuti akule. Motero calprotectin ikachuluka m'chimbudzi, ndiye kuti maselo oyera ambiri afika m'njira ya chakudya.

Puloteniyi idafotokozedwa koyamba m'chaka cha 1980 ndi Magne Fagerhol ndi anzake a ku Norway, ndipo njira yoiyezera m'chimbudzi idatulukanso m'dziko lomwelo m'chaka cha 1992. Ubwino wake ndi woti siwonongeka msanga. Mabakiteriya a m'matumbo amavutika kuigaya, kotero chimbudzi chikhoza kukhala masiku angapo chisanafike ku labotale koma zotsatira n'kukhalabe zodalirika.

Kwa munthu wamkulu wa m'maiko a ku Ulaya, mlingo wochepera ma microgram 50 pa galamu imodzi ya chimbudzi umatengedwa kuti ndi wabwinobwino, pomwe wopitirira 250 kawirikawiri umasonyeza kutupa kwenikweni. Pakati pa malire awiriwa dotolo amayenera kulingalira zinthu zina. Madotolo a matumbo amagwiritsa ntchito muyesowu posiyanitsa odwala matenda okhalitsa a zilonda za m'matumbo, monga Crohn's disease ndi ulcerative colitis, ndi anthu omwe m'mimba mumangowavuta popanda kutupa kulikonse. M'chaka cha 2013 bungwe la NICE, lomwe limaunika njira za chithandizo ku England, lidavomereza muyesowu pa ntchito imeneyi, pofuna kuchepetsa chiwerengero cha anthu otumizidwa kukaunikidwa ndi kamera popanda chifukwa chokwanira.

Mfundo yoyenera kuikumbukira ndi yoti calprotectin imangonena kuti kwinakwake kukuyaka moto. Sinena yemwe wauyatsa. Kamwazi, khansa ya m'matumbo, njoka zina za m'mimba ndi mankhwala ena zonse zimaikweza mofanana.

Zomwe adapeza ku Innsbruck, Rome ndi New York

Lipoti loyamba lomwe lidakopa chidwi cha madotolo lidachokera ku yunivesite ya zaumoyo ya mumzinda wa Innsbruck m'dziko la Austria, ndipo lidatuluka m'magazini ya Gut m'chaka cha 2020. Gulu la Herbert Tilg lidayeza chimbudzi cha odwala Covid-19 okwana 40 omwe adagonekedwa m'chipatala. Odwala omwe ankatsekula m'mimba panthawiyo adali ndi calprotectin yambiri kuposa onse, omwe kutsekula kudali kutasiya adali pakatikati, ndipo omwe sadatsekuleko adali ndi yochepa. Kuchuluka kwake kunkayenderana ndi mlingo wa interleukin-6 m'magazi, yomwe ndi imodzi mwa mapuloteni otumiza uthenga wa kutupa m'thupi lonse, ndipo imakwera kwambiri mwa odwala omwe matendawa awagwira kolimba. Akatswiriwo adaona izi ngati umboni woti kachilomboka kamayambitsa kutupa m'matumbo.

Chaka chomwecho madotolo a pachipatala cha Gemelli mumzinda wa Rome adapeza china chosiyana pang'ono. Kwa odwala awo, calprotectin yokwera inkapezeka kwambiri mwa omwe zithunzi za m'chifuwa zidaonetsa chibayo, kaya adali ndi vuto la m'mimba kapena ayi. Mumzinda wa Trieste, m'dziko lomwelo la Italy, gulu lina lidapeza calprotectin yokwera mwa odwala opanda chizindikiro chilichonse cha m'mimba, ndipo inkayenderana ndi D-dimer, muyeso wa m'magazi wosonyeza kuti magazi akuundana. Iwo adaganiza kuti mwina timitsempha ta m'matumbo tikutsekeka, ndipo thumbo likuvulala chifukwa chosowa magazi.

Kenako zotsatira za ku New York zidaziziritsa chiyembekezo. Akatswiri a pachipatala cha Mount Sinai adayeza chimbudzi cha odwala 44 ndipo m'lipoti lawo la 2021 adati kutupa kwa m'matumbo kudali kochepa, ngakhale mwa odwala otsekula m'mimba komanso omwe chimbudzi chawo chidali ndi chibadwa cha kachilombo. Calprotectin sidayenderane ndi zizindikiro za m'mimba kapena kuchuluka kwa kachilomboko. Gulu lina la pachipatala chomwecho lidatenga tizidutswa ta matumbo a odwala n'kuona kuti kachilombo kalimo koma maselo a kutupa ndi ochepa. Lidapezanso, modabwitsa ambiri, kuti odwala omwe adafika ndi zizindikiro za m'mimba ankamwalira mochepa poyerekeza ndi anzawo.

Malipoti onsewa adalembedwa ndi akatswiri odziwa ntchito yawo, koma onse oyeza calprotectin m'chimbudzi adali ndi chofooka chimodzi: chiwerengero cha odwala chidali chochepa, anthu makumi angapo basi, oyezedwa pa masiku osiyanasiyana a matenda awo ndi zipangizo za makampani osiyanasiyana. Kafukufuku wa anthu 40 amatha kuonetsa njira yoti ena afufuze, koma sangakhale maziko a ndondomeko ya dziko.

Pano pakuyeneranso kusiyanitsidwa zinthu ziwiri zomwe nthawi zina zimasokonezedwa m'malipoti opita kwa akuluakulu. Calprotectin imayezedwanso m'magazi. M'chaka cha 2020 akatswiri a ku Gustave Roussy m'dziko la France adalemba m'magazini ya Cell kuti calprotectin ya m'magazi imakwera kwambiri mwa odwala Covid-19 mwakayakaya, ndipo umboni wa zimenezi ndi wamphamvu kuposa wa m'chimbudzi. Koma ya m'magaziyo imafotokoza za maselo oyera a thupi lonse, makamaka omwe akulimbana m'mapapo. Wotsatsa malonda akanena kuti calprotectin imalosera imfa, funso loyamba kumufunsa ndi loti akunena iti.

Chifukwa chomwe zotsatira zimasiyanirana

Pali njira zingapo zomwe matenda aakulu a m'mapapo angakwezere zizindikiro za kutupa m'chimbudzi, ndipo mwa wodwala mmodzi zikhoza kuchitika zonse pamodzi.

Yoyamba ndi yomwe yatchulidwa kale, yoti kachilombo kalowe m'maselo a thumbo. Koma ACE2 ili ndi ntchito yake m'matumbo kupatula kukhala khomo la kachilombo. Kafukufuku wa pa mbewa wa gulu la Josef Penninger ku Vienna adaonetsa m'chaka cha 2012 kuti puloteniyi imathandiza thumbo kuyamwa tryptophan, chimodzi mwa zomangira mapuloteni, ndipo mbewa zopanda ACE2 zinkatupa matumbo mosavuta. Kachilombo kakamata pa khomoli, ntchito imeneyi ikhoza kusokonekera ngakhale maselo asanafe.

Njira ina siifuna n'komwe kuti kachilombo kafike m'mimba. M'chaka cha 2014 akatswiri a ku China adapatsa mbewa kachilombo ka chimfine kudzera m'mphuno ndipo adaona matumbo ake akuvulala, chonsecho kachilomboko sikadapezekemo. Chidachitika ndi choti maselo a chitetezo omwe adadzutsidwa m'mapapo adayenda ndi magazi mpaka m'matumbo aang'ono, komwe adasokoneza mabakiteriya okhalamo ndi kuyambitsa kutupa. Ubale umenewu wa pakati pa mapapo ndi matumbo ndi womwe ukufufuzidwa kwambiri masiku ano.

Palinso nkhani ya magazi. Munthu akamalephera kupuma, kapena kuthamanga kwa magazi kukatsika, thupi limateteza ubongo ndi mtima pochepetsa magazi opita kumatumbo. Khoma la thumbo, lomwe ndi lopyapyala kwambiri, limayamba kuwonongeka. Izi zimachitika kwa wodwala mwakayakaya aliyense, kaya ndi wa Covid-19, wa ngozi ya pamsewu kapena wopsa ndi moto. Choncho calprotectin yokwera mwa wodwala wa pa makina othandiza kupuma ikhoza kungosonyeza kuti munthuyo wadwalika, zomwe namwino amaona kale ndi maso.

Mankhwala nawo ali ndi gawo lalikulu. Mankhwala ochepetsa ululu monga ibuprofen, diclofenac ndi aspirin amadziwika kuti amakweza calprotectin, chimodzimodzinso ochepetsa asidi m'mimba monga omeprazole. M'miyezi yoyamba ya mliri odwala ambiri ankapatsidwa maantibayotiki ngakhale padalibe umboni wa mabakiteriya, ndipo ena ankalandira lopinavir ndi ritonavir, omwe kutsekula m'mimba ndi vuto lawo lodziwika. Maantibayotiki amapha mabakiteriya abwino ndi kupereka mpata kwa ena oopsa monga Clostridioides difficile, omwe amatupitsa thumbo lalikulu kwambiri. Wofufuza akapanda kulemba mankhwala omwe wodwala aliyense adamwa, sangadziwe ngati akuyeza ntchito ya kachilombo kapena ya mankhwala.

Chomaliza ndi chosavuta kumva koma chimaiwalika. Wodwala chibayo amameza makhololo, ndipo makhololowo amakhala odzaza ndi maselo oyera ochokera m'mapapo. Poti calprotectin siigayika msanga, ina ikhoza kudutsa m'mimba monse n'kukapezeka m'chimbudzi, matumbo ali bwinobwino. Mbali inayi, chimbudzi chamadzimadzi chimasungunula puloteniyi, ndipo mlingo ukhoza kuoneka wotsika mwa munthu yemwe akutsekula kwambiri.

Zizindikiro zina

Calprotectin ndiyo yafufuzidwa kwambiri, koma si yokhayo. Lactoferrin ndi myeloperoxidase nazonso zimachokera m'maselo a neutrophil ndipo zimapereka uthenga wofanana. Neopterin imasonyeza kudzuka kwa mtundu wina wa maselo a chitetezo omwe amalimbana ndi mavailasi. Alpha-1 antitrypsin ndi puloteni ya m'magazi, kotero ikachuluka m'chimbudzi ndiye kuti khoma la thumbo likudontha.

Dzina lina lomwe lidamveka kwambiri nthawi ya mliri ndi zonulin, puloteni yomwe Alessio Fasano adaifotokoza m'chaka cha 2000 kuti imamasula zomangira za pakati pa maselo a thumbo. M'chaka cha 2021 madotolo a pachipatala cha Massachusetts General mumzinda wa Boston adalemba za ana odwala MIS-C, matenda a kutupa kwa thupi lonse omwe amabwera milungu ingapo mwana atadwala Covid-19. Adapeza chibadwa cha kachilombo m'chimbudzi cha ana ambiri, zonulin yokwera m'magazi, komanso tizidutswa ta kachilombo m'magazimo, ndipo adaganiza kuti tizidutswato tinkadutsira pa thumbo lodontha. Ganizoli ndi lomveka, komabe akatswiri ena adaonetsa kale kuti zipangizo zina zogulitsidwa zoyezera zonulin zimagwira mapuloteni ena osati zonulin yeniyeniyo, choncho manambala ake amafunika kusamala nawo.

Mabakiteriya a m'chimbudzi nawonso akutengedwa ngati chizindikiro. Gulu la Siew Ng la ku Chinese University of Hong Kong lidayeza odwala 100 ndipo m'chaka cha 2021 lidalengeza kuti mabakiteriya othandiza kuziziritsa kutupa, monga Faecalibacterium prausnitzii, adali ochepa mwa odwala Covid-19, ndipo kuchepako kunkayenderana ndi kukula kwa matenda. M'chaka cha 2022 akatswiri a ku New York University adaonetsa kuti mwa odwala ena, mabakiteriya omwe adapezeka m'magazi adali a mtundu womwewo womwe udachuluka m'matumbo awo. Apa ndi pomwe nkhani ya matumbo imakhudza moyo ndi imfa, chifukwa mabakiteriya akalowa m'magazi a munthu wofooka kale ndi chibayo, mwayi wochira umachepa. Phunziro lomwe madotolo adatengapo silikhudza kugula makina atsopano. Likukhudza kupewa kupereka maantibayotiki mwachisawawa.

Kachilombo kotsalira

Akatswiri a ku Stanford University adatsatira anthu 113 omwe adadwala Covid-19 mosadetsa nkhawa kwambiri. Mlungu woyamba pafupifupi theka adali ndi chibadwa cha kachilombo m'chimbudzi. Patatha miyezi 4, anthu pafupifupi 13 mwa 100 aliwonse adali nachobe, ndipo patatha miyezi 7 adatsala pafupifupi 4 mwa 100, pomwe m'mphuno ndi pakhosi mudali mutayera kalekale. Ku Innsbruck, gulu lija lidaunika matumbo a anthu 46 odwala matenda okhalitsa a m'matumbo patatha miyezi pafupifupi 7 atachira Covid-19, ndipo lidapeza zotsalira za kachilombo mwa 32. Ambiri mwa amenewa ankadandaula za kutopa ndi zovuta zina zokhalitsa, pomwe omwe adalibe zotsalirazo sadadandaule.

Kupezeka kwa chibadwa cha kachilombo sikutanthauza kuti kachilomboko kali moyo kapena kangapatsire ena, ndipo m'kafukufuku wa ku Innsbruck akatswiri adalephera kukameretsa m'labotale. Zotsalirazo sizidayenderanenso ndi kutupa kwa matumbo. Izi zikutanthauza kuti munthu wovutika ndi zotsatira zokhalitsa za Covid-19 sangatsimikiziridwe kapena kukanidwa matenda ake potengera calprotectin, mfundo yomwe maofesi oona za tchuthi cha odwala ndi chipukuta misozi ayenera kuidziwa.

Vuto la malire m'maiko a mu Africa

Malire a 50 aja adakhazikitsidwa poyeza anthu akuluakulu a m'maiko momwe madzi a m'mipope ndi aukhondo ndipo njoka za m'mimba ndi zosowa. Kumadera komwe ana amakula akumeza tizilombo tsiku ndi tsiku kudzera m'madzi, m'dothi ndi m'zakudya, matumbo amakhala otupa pang'onopang'ono kwa nthawi yaitali popanda kutsekula m'mimba. Vutoli akatswiri amalitcha environmental enteric dysfunction, ndipo amaliganizira kuti ndi chimodzi mwa zifukwa za kupinimbira kwa ana komanso kufooka kwa katemera wodonthezera m'kamwa. Paul Kelly ndi anzake akhala akulifufuza kwa zaka zambiri pakati pa anthu a ku Misisi mumzinda wa Lusaka, ndipo kafukufuku wamkulu wa MAL-ED, yemwe adachitika m'maiko 8 kuphatikizapo Tanzania ndi South Africa, adagwiritsa ntchito myeloperoxidase, neopterin ndi alpha-1 antitrypsin za m'chimbudzi poliyeza.

Msinkhu nawo umasintha zinthu. Kafukufuku wa ana ooneka athanzi mumzinda wa Kampala, yemwe adatuluka m'chaka cha 2011, adapeza kuti mlingo wapakatikati wa calprotectin udali 249 mwa makanda osakwana chaka, 75 mwa ana a chaka chimodzi mpaka zaka 4, ndi 28 mwa okulirapo. Khanda lathanzi la ku Kampala likhoza kuoneka ngati lodwala kwambiri litayezedwa ndi malire a munthu wamkulu. M'dziko lomwelo la Uganda, akatswiri adapeza kuti likodzo la m'matumbo limakweza calprotectin mwa ana a m'mbali mwa nyanja ya Albert. Likodzo la mtunduwu lidapezekanso mwa ana a sukulu m'boma la Mangochi m'mbali mwa nyanja ya Malawi.

Dziko la Malawi lili ndi gawo lake pa kafukufukuyu. M'chaka cha 2016 kudatuluka lipoti la ana ogonekedwa pachipatala chachikulu cha Queen Elizabeth mumzinda wa Blantyre chifukwa cha kusowa kwambiri kwa zakudya m'thupi. Ana omwe adamwalira adali ndi calprotectin yambiri m'chimbudzi, mafuta ochepa a mtundu womwe mabakiteriya abwino amapanga, ndi zizindikiro zokwera za kutupa m'magazi. Anawa sadali odwala matenda a mavailasi a m'mapapo, koma zotsatirazo zikuonetsa mfundo yomweyo, yoti kutupa kwa matumbo ndi kutupa kwa thupi lonse kumayendera limodzi mwa odwala mwakayakaya. Zikuchenjezanso kuti m'wodi ya ana ya m'dera lino, momwe chibayo, kunyentchera, malungo ndi HIV zimakumana mwa mwana mmodzi, calprotectin yokwera ingakhale ndi magwero ambiri. Malire ogwira ntchito ku Innsbruck sangangotengedwa n'kuikidwa ku Zomba kapena ku Mzuzu popanda kuyamba kuyeza anthu athanzi a m'maderawo.

Pomwe chimbudzi chathandiza kale

Malangizo a World Health Organisation a kasamalidwe ka odwala Covid-19 sadaike kuyeza calprotectin m'chimbudzi pakati pa zoyenera kuchita. Zomwe zidapulumutsa miyoyo ndi kuyeza mpweya m'magazi ndi kachipangizo kopana pachala, kupereka okisijeni panthawi yake, mankhwala oletsa magazi kuundana, katemera, ndi dexamethasone, yemwe kafukufuku wa RECOVERY wa ku Britain adaonetsa mu Juni 2020 kuti amachepetsa imfa ndi gawo limodzi mwa magawo atatu pakati pa odwala a pa makina othandiza kupuma. Palibe chimodzi mwa zimenezi chomwe dotolo angayambe kapena kusiya chifukwa cha zotsatira za chimbudzi. Muyeso womwe susintha chithandizo ndi wa ofufuza, ndipo ndalama zake ziyenera kuchokera ku thumba la kafukufuku osati la mankhwala.

Komabe kudziwa kuti kachilombo ka m'mapapo kamatuluka ndi chimbudzi kwabweretsa phindu lina lalikulu, lomwe silikhudza wodwala mmodzi koma mzinda wonse. Mu Malichi 2020 akatswiri a bungwe lofufuza za madzi la KWR ku Netherlands adapeza chibadwa cha SARS-CoV-2 m'madzi a suweji a mumzinda wa Amersfoort akuluakulu asanalengeze za wodwala aliyense kumeneko. Maiko ambiri adatengera njirayi chifukwa botolo limodzi la madzi limapereka chithunzi cha anthu zikwizikwi, kuphatikizapo omwe sapita kuchipatala.

Ambiri ankaganiza kuti njirayi ndi ya mizinda yokhala ndi mipope ya suweji paliponse. Dziko la Malawi, lomwe lidalengeza odwala ake oyamba pa 2 Epulo 2020, lidathandiza kutsutsa ganizoli. Akatswiri a bungwe la Malawi-Liverpool-Wellcome ndi anzawo ankatunga madzi m'mitsinje yodutsa mumzinda wa Blantyre ndi pamalo othira suweji kuyambira m'chaka cha 2020 mpaka 2022, ndipo m'lipoti lomwe lidatuluka m'magazini ya Nature Communications m'chaka cha 2023 adaonetsa kuti kupezeka kwa kachilomboka m'madzimo kunkayenderana ndi kukwera ndi kutsika kwa chiwerengero cha odwala, komanso kuti mitundu yatsopano ya kachilombo inkatha kuzindikirika kuchokera m'madziwo. Ntchito yofanana ndi imeneyi idalimbikitsidwa pa matenda a poliyo dziko litalengeza mu Febuluwale 2022 kuti mwana wina wa ku Lilongwe wapezeka ndi kachilombo ka poliyo.

Kuyeza madzi a m'mitsinje kumafufuza kachilombo kenikeniko ndipo kumauza boma nthawi yokonzekera mabedi ndi masilinda a okisijeni. Kuyeza calprotectin kumafufuza mmene thupi la munthu mmodzi layankhira, ndipo pa matenda a m'mapapo kukadali pa mlingo wa kafukufuku. Kuti kufike pogwiritsidwa ntchito m'wodi, pakufunika kafukufuku wa odwala mazana ambiri, oyezedwa tsiku lomwe agonekedwa asanayambe maantibayotiki, wofanizira ndi odwala chibayo cha mitundu ina monga chimfine ndi RSV, ndiponso wosonyeza kuti zotsatira za chimbudzi zikuwonjezera kanthu pa zomwe kachipangizo ka pachala ndi muyeso wa magazi zanena kale.